Galaja ya Amayi Aakulu

Tinachita sadaka ya alubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni amayi aakulu, Loweruka lapitali ku Ntaja, ndipo chiyambire kuphika mpaka alendo kubalalika palibe amene anatchula mawu oti nsanje. Ashehe anati malemu anali mayi wopirira. Azimayi a kumzikiti anati anali wowolowa manja. Zonsezo n'zoona, koma ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikusankha mpunga uku ndikuseka chamumtima, chifukwa Abiti Ajusa amene ndimawadziwa ine akanadzuka n'kuwafunsa ashehewo kuti wopirirayo akunena iwo kapena uja wa kunyanja.

Abiti Ajusa anali akulu awo a mayi anga, bere limodzi. Ine ndimakhala ku Balaka, koma tchuthi chilichonse cha ubwana wanga ndinkakathera pakhomo pawo, ndipo nditakula ndine amene ankandiimbira foni akafuna womukhuthulira zakukhosi. Ndiye ndisaname kuti ndili pakati. Ndili mbali yawo, ndipo mpaka lero ndikamva dzina la nyanja ya Chiuta pamtima pamandiwawa, chonsecho nyanjayo sinandilakwire kanthu.

Alendo ambiri pa sadakapo anadabwa kuona kuti zovala za malemu tikuzitulutsa m'galaja, osati m'nyumba yaikulu. Nyumba ya zipinda zinayi, ya khonde lalitali, mwini wake n'kumagona mogona galimoto! Ena ankanong'onezana kuti mwina ana anawathamangitsiramo. Iyayi, analowamo okha, ndi miyendo yawo yomwe.

Amuna awo, Che Bwanali, ankagula nsomba zouma ku Chiuta n'kumakagulitsa ku Liwonde ndi ku Balaka. Anali munthu wofatsa, woyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Atagula pikapu yoyera anamanga galaja m'mbali mwa nyumba, khitchini ya amayi aakulu isanafoleredwe n'komwe. Dzinja lonse amayi aakulu anaphikira pamvula galimoto ili pouma, ndipo zimenezo sanaziiwale. Patapita zaka zingapo mayi wina wogulitsa matemba anawatsina khutu kuti amuna awo akwatira kunyanja. Sizinali zobisa kwenikweni. Ukwati unamangidwa pamaso pa ashehe, ndipo Che Bwanali atabwera anakhala pamphasa n'kunena okha kuti kuyambira tsopano masiku agawa, sabata kuno, sabata ku Chiuta, monga chipembedzo chimanenera. Mkaziyo dzina lake anali Abiti Kaisi. Dzinalo ndalitchula ndine, pakamwa pa amayi aakulu silinatulukepo mpaka kumanda. Kwa iwo anali uja wa kunyanja, basi.

Chiyambire tsikulo nsomba za ku Chiuta anasiya kudya. Akapita kumsika ankatola chambo, n'kuchitembenuza, n'kufunsa kuti n'chochokera kuti. Wogulitsa akangoti Chiuta, ankachibwezera pa benchi ndi zala ziwiri n'kupukuta m'chitenje. Anyamata a pamsika anazolowera, akawaona akubwera nsomba zonse zinkasanduka za ku Malombe. Iwo ankadziwa kuti akunamizidwa, koma ankati bodzalo ndi la wogulitsa, iwo afunsa. Ukawakumbutsa kuti malata a nyumba yawo anagulidwa ndi nsomba zomwezo, ankayankha kuti malata sadyedwa.

Ukwati wawo ankauwerengera pa galaja. Pikapu ikakhalamo, pakhomo ponse pankanunkhira ubani, zitumbuwa za mpunga zinkachuluka, ngakhale nkhuku zoba chimanga zinkakhululukidwa. Ikachoka, ife ana tinkayenda monyang'ama. Amayi aakulu ankatsegula zitseko ziwiri zachitsulo za galajayo n'kusesa m'galaja momwe munalibe chosesa, kenako n'kuima kuyang'ana banga la oilo lomwe linali pakati pa simenti. Ankakonda kunena kuti ankhoswe a ukwati wa kunyanja si anthu, ndi pikapu, chifukwa bambo wopanda galimoto akanatopa ndi ulendowo chaka chimodzi chisanathe. Pampando wakutsogolo sankakhala asanayalepo nsalu yawo. Tsiku lina poyalapo anapeza mpango wobiriwira pansi pa mpando. Sanakuwe, sanafunse. Anauchapa, anausita, anaupinda bwinobwino, ndipo nthawi ya chakudya anauika pa thileyi pambali pa mbale ya amuna awo, pamalo pa nsalu yopukutira m'manja. Che Bwanali anasamba m'manja, anayang'ana mpango uja, anadzuka n'kupita kumzikiti nthawi ya swala isanakwane.

Komatu musaganize kuti anali mayi wa ndewu. Ana a uja wa kunyanja akabwera kusukulu ku Ntaja ankadya pakhomo pawo, ndipo ankawagawira nyama yaikulu kuposa ana awo obereka okha, kuti akakafika kwawo akanene. Ndi momwe nsanje yawo inalili. Inkaphika bwino, inkasita bwino, inkapereka moni wa ulemu, koma sinkagona.

Che Bwanali anagwa ndi sitiroko ali pa msika wa ku Balaka, akutsitsa madengu. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Mwana wawo wamkulu, Yusufu, anawagulira chikuku, mpando wa matayala uja. Koma nyumba yaikuluyo Che Bwanali anaimanga pa maziko aatali poopa madzi a mvula, masitepe ake ngotalika, ndipo zitseko za m'kati n'zopapatiza. Anachita kuwanyamula amuna atatu kukawagoneka kuchipinda, chikuku n'kutsala pakhonde. Anakhala m'chipindamo akuyang'ana siling'i, munthu amene moyo wake wonse unali wa pamsewu.

Ndiye kunabwera achimwene awo aang'ono, Che Daudi, kudzakhalitsa banja pansi. Ine ndinalipo, ndikuthira tiyi.

"Alamu," anatero Che Daudi, "mawondo anuwo tikuwadziwa. Achimwene akufunika wowanyamula, wowasambitsa, wowatembenuza. Anzanu aja akadali ndi mphamvu, komanso masiku awo sanathe chifukwa choti munthu wadwala. Tiwatengere ku Chiuta akadwalire kumeneko."

"Iyayi," anatero amayi aakulu.

"Alamu, tamvani kaye."

"Ndamva. Akufuna kudwazika? Abwere kuno. Geti ili n'lotsegula kwa wolowa. Wotuluka iyayi."

"Nanga adzakhala pati? Akazi awiri denga limodzi, inu mukudziwa kuti sizitheka. Aliyense amayenera nyumba yake."

Amayi aakulu anamwa tiyi wawo pang'onopang'ono, kenako analoza ndi mlomo kunja. "Galimoto ija ikugulitsidwa, woyendetsa wake wagona. M'galajamo mukhala mulibe kanthu."

Ine ndinaganiza kuti apenga. Munthu amene sankafuna ngakhale nsomba ya kwawo kwa mkaziyo, lero akumuitanira pakhomo! Tikutsuka makapu kuseri ndinawafunsa, ndipo anandiyankha osandiyang'ana.

"Iwe Patuma, ndiwe mwana. Bambo ako aakulu sadzukanso, ndawaona m'maso. Ife Asilamu sitiyenda ndi maliro. Akakafera ku Chiuta, dzuwa lisanalowe adzawaika ku Chiuta. Ndiye uja wa kunyanja adzagone nawo manda amodzi mpaka tsiku la Kiyama, la chiweruzo, ine kuno ndekhandekha? Masabata ndinagawa. Manda sindigawa."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinapitiriza kutsuka makapu.

Tsiku lomwe wogula anabwera kudzatenga pikapu, amayi aakulu anatsegula okha geti mbali zonse ziwiri, ndipo itatuluka anasesa mikwingwirima ya matayala mpaka kumsewu. Kenako anandituma mmisiri. Ndinabwera ndi a Namakhwa a ku Rivirivi, omwe anandimangira nyumba yanga ku Balaka, bambo wanthabwala, Mkatolika, amene atamva nkhani yonse anapukusa mutu n'kunena kuti iwo mkazi ali naye mmodzi koma mutu umawawawabe.

A Namakhwa anazungulira galaja ija n'kunena zofunika. Munalibe zenera, malata anali pafupi moti masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo fungo la oilo ndi nsomba linali litalowerera m'makoma. Anati aika siling'i, apaka laimu, amanga kabafa kuseri, ndipo kutsogolo konse atseka ndi njerwa n'kusiya khomo wamba la chitseko chathabwa. Zenera anati likhale kumbuyo, koyang'ana mtengo wa mango, kuti muzilowa mphepo. Pakhomo pa galaja panali chitsetso cha simenti, potsetsereka pomwe pikapu inkakwerera. Chimenecho anati achigumula, akweza pansi pa chipindacho, n'kumanga masitepe awiri kuti pazioneka ngati nyumba.

Za siling'i, laimu ndi bafa amayi aakulu anavomera msanga. Sankafuna kuti azimayi a kumzikiti adzanene kuti Abiti Ajusa amazunza mnzawo. Anagula ngakhale bedi latsopano, atayamba ayeza kuti lisapose lawo. Koma pa zinthu zitatu anakanitsitsa.

"Zenera likhale uku, loyang'ana khonde langa."

"Amayi, uku kulibe mphepo."

"Sindinakuitanireni mphepo. Ndipo chitseko musagule. Ikani chimodzi mwa zachitsulo zomwezi."

"Chimenechi n'chachikulu, amayi, ng'ombe itha kulowa."

"Chikhale chomwecho. Chitsetsochonso musachikhudze. Masitepe ndi a nyumba, ndipo nyumba pano ndi imodzi, ndi iyo. Wolowa muno azidziwa kuti akulowa mogona galimoto."

A Namakhwa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa kunena zoona mawuwo anandikomera. Ntchito inayamba. Amayi aakulu anaika mpando pakhonde n'kumayang'anira njerwa iliyonse. Zenera litaikidwa anadzuka, anakhalanso, anasuntha mpando, n'kulamula kuti alitsitse mzere umodzi wa njerwa chifukwa atakhala pansi bedi silinkaoneka. Banga la oilo lija tinalikwecha ndi phulusa ndi sopo, a Namakhwa anathirapo simenti yopyapyala, koma litauma linatulukiranso. Amayi aakulu anati tilisiye, likudziwa kwawo.

Uja wa kunyanja anafika masana pa kabaza, ndi mtolo umodzi ndi beseni. Zaka zonsezo ine ndinkamuganizira kuti ndi chiphadzuwa cha mafuta onunkhira. Amene anatsika pa njingapo anali mayi wamfupi, wa imvi m'mbali mwa mpango, manja ong'ambika ndi utsi wowamba nsomba. Zinandinyansa kuti panalibe choti ndidane nacho. Anagwada pansi pa masitepe n'kunena kuti, "Akulu, sikomo." Amayi aakulu anayankha moni akuyang'ana pamwamba pa mutu wake, n'kuloza galaja. Iye atalowa, amayi aakulu anandinong'oneza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Sabata yoyamba inali ya mlendoyo, poti chigwereni Che Bwanali, iye anali asanalandire masiku ake. Yusufu ndi anyamata awiri oyandikana nawo anawanyamula bambo kutsika masitepe n'kukawagoneka m'galaja, chikuku n'kuchilowetsa momwemo. M'mawa mwake amayi aakulu atakhala pampando wawo anaona chitseko chachitsulo chija chikutseguka, chikuku n'kutuluka osagunda paliponse, n'kutsetsereka bwinobwino pa chitsetso, mayi mmodzi yekha akukankha. Che Bwanali anaona dzuwa. Mayiyo anawakankhira pansi pa mango, kenako pageti, pomwe anyamata a kabaza ankaima kuwapatsa moni. Lachisanu Yusufu anawakankha mpaka kumzikiti, ndipo anabwerako akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Sabata itatha, amayi aakulu anayala zofunda zatsopano, anafukiza ubani m'chipinda chawo, n'kuitana anyamata aja kuti awakweze amuna awo. Anyamata atangogwira chikuku pakhomo pa galaja, Che Bwanali anatambasula dzanja lawo lamoyo lija n'kugwira felemu ya chitseko. Anyamata anakoka pang'ono, dzanja silinasiye. Munthu amene moyo wake wonse sanakwezepo mawu, amene mawu ake anali atatha ndi matenda, anakuwa m'Chiyawo kuti, "Ngwamba!" Iyayi ameneyo anamveka mpaka kumsewu.

Amayi aakulu anali ataima pamwamba pa masitepe awo. Ndinawaona akuyang'ana chitseko chachikulu chija, kenako chitsetso, kenako mapazi awo. Palibe amene anawalanda mwamuna tsiku limenelo. Anali atamumangira okha uja wa kunyanja nyumba yokhayo pakhomopo yomwe amuna awo akanatha kukhalamo, ndipo anaimanga choncho kuti amunyoze. Analowa m'nyumba n'kudzitsekera, ubani ukufukabe.

Yusufu anayesa kufunsa ngati n'kotheka kumanga chitsetso panyumba yaikulu. A Namakhwa anati mazikowo ngotalika moti chitsetsocho chikafika pageti, ndipo m'kati mukanafunika kugumula makomo atatu. Che Bwanali atamva zogumula nyumba yawo anapukusa mutu. Ndiye amayi aakulu anandiimbira foni ndili ku Balaka. "Bwera nawo a Namakhwa aja ndi hamala yaikulu. Agumule chitsetsocho, amange masitepe monga ankanenera. Tione ngati azitulukanso."

Tinafika m'mawa, hamala ili paphewa. Tinapeza Che Bwanali ali pageti pa chikuku, atavala chisoti chawo choyera, akuyesetsa kumuuza mnyamata wina wa kabaza kuti tayala lake laphwa. Mawu sankatuluka, ankangoloza n'kumaseka, dovu likutsika, uja wa kunyanja n'kumawapukuta. Amayi aakulu anatsika masitepe atagwira bondo, anafika pa chitsetso, anaima nthawi yaitali akuyang'ana msana wa amuna awo. A Namakhwa anafunsa kuti ayambire pati.

"Mwadya kale?" anatero amayi aakulu.

"Iyayi, amayi."

"Patuma, awiritsire tiyi. Akamwa azipita. Hamala yawoyo yandisokosera, ngakhale sinagunde."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, anapinda mkeka wawo woswalira, anamanga zofunda m'chitenje, anatseka chipinda chawo n'kumangirira kiyi pa ngodya ya nsalu. Anatsika masitepe, anakwera chitsetso, n'kuima pakhomo pa galaja yawo yomwe, pakhomo pomwe anasesa zaka zonse zija.

"Odi."

"Eelo, akulu, lowani."

"Sabata ino ndi yanga. Iwe ukagone m'nyumbamo, chipinda cha ana. Changa ndatseka."

Kuyambira pamenepo zinatembenuka. Kale ankayenda ndi mwamuna, tsopano ankayenda ndi akazi, ndipo anthu a ku Ntaja anaiseka nkhaniyi mpaka inakalamba. Sabata ya amayi aakulu, uja wa kunyanja ankabwerabe kudzathandiza kunyamula ndi kusambitsa, poti mawondo a eni sabatawo sankalola, koma akangomaliza ankauzidwa sikomo wouma wotanthauza kuti azipita. Phala ankawamwetsa okha amayi aakulu, ndevu ankawapesa okha, ndipo ankawalalatira za khitchini yosafolera ija ngati zachitika dzulo. Che Bwanali ankangotsinzina, ndipo ine ndikukhulupirira kuti zinkawakomera.

Zenera lija ndilo linawazunza koposa. Sabata ya mnzawo ankakhala pakhonde n'kumaona zonse monga anafunira: supuni ikupita kukamwa, dzanja likusisita mwendo wakufa uja, mitu iwiri itayandikana. Ankadziuza kuti sayang'ana, akusankha nyemba, koma nyembazo zinkatha tsiku lonse. Kenako anazindikira kuti sabata yawo nayenso uja wa kunyanja amakhala pakhonde lomwelo, ndipo zenera silisankha maso. Anapita kumsika n'kugula nsalu yokhuthala yabuluu, anasoka katani. Sabata yawo ikayamba ankaipachika. Ikatha ankaichotsa, n'kuipinda, n'kupita nayo. Yusufu atawafunsa chifukwa chosaisiya pomwepo anati katani ndi yawo, wofuna yake agule. Uja wa kunyanja sanagule. Amayi aakulu ankati sanagule dala, kuti iwo aziona.

Anakhala choncho mvula ziwiri. Che Bwanali anamwalira masana, itangotha swala, m'sabata ya uja wa kunyanja. Amayi aakulu anali pakhonde ndi nyemba zawo. Anaona pazenera mnzawo atasiya kukupiza, ataweramira pabedi, kenako akuthamangira pakhomo.

"Akulu! Bwerani msanga!"

Tsiku limenelo mawondo sanawawe. Atalowa, uja wa kunyanja anachoka kumutu kwa bedi n'kukakhala kumiyendo, ndipo amayi aakulu ndi amene anawadonthezera madzi pakamwa n'kuwanong'oneza shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro, mpaka mpweya unatha. Mukanaganiza kuti pamenepo nsanje inatha. Iyayi. Patapita miyezi anandiuza kuti chimene chimawapweteka n'chakuti malo aja anachita kupatsidwa ngati mchere wopempha, sabata ili ya wina. Ankati bambo ako aakulu akanapirira masiku ochepa okha akanafera m'sabata yanga, koma amuna ndi choncho, mpaka pomaliza anakondera.

Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Azimayi kumanda sitipita, ndiye tinatsala pakhomo tikulira. Jeneza, chonyamulira maliro, litanyamulidwa, amayi aakulu anadzuka pakati pa azimayi n'kupita kukaima pakona pa nyumba pomwe geti limaonekera. Msewu wa ku Chiuta uli kumanja, manda a ku Ntaja ali kumanzere. Anayang'ana mpaka amuna onyamula aja atakhotera kumanzere, n'kunena motsitsa kuti, "Basi." Atatero m'pamene anabwerera pamphasa n'kuyamba kulira kwenikweni, kulira komwe ine sindinakumvepo.

Eda, miyezi inayi ndi masiku khumi yomwe mkazi wamasiye satuluka pakhomo, anaikhalira pabwalo limodzi, wina m'nyumba, wina m'galaja. Abale a kunyanja ankabwera ndi nsomba kudzamuona m'bale wawo, ndipo iye akaphika ankatumiza mbale kunyumba yaikulu. Mbaleyo inkabwerera ili mbee, ndi uthenga woti wadya ndi mphaka. Pakhomopo sipanakhalepo mphaka.

Eda itatha uja wa kunyanja anamanga mtolo wake, anagwadanso pansi pa masitepe kutsanzika, n'kukwera kabaza. Fumbi lisanakhazikike amayi aakulu anali atalowa kale m'galaja ndi ndowa ndi tsache. Anakolopa paliponse, anatulutsa matiresi padzuwa, anapachika katani yawo, n'kundituma kuti ndikatenge zovala zawo zonse kunyumba yaikulu. Kwa ana anati masitepe awatopetsa. Kwa ine anati sangalole kuti chipinda chomwe amuna awo anaferamo chizitchedwa cha wina. Ndi momwe anakhalira m'galaja zaka zawo zonse zomaliza, akutsika ndi kukwera chitsetso chomwe anakana kuti chigumulidwe, ndodo ili m'manja. Nthawi zina ankachimenya ndi ndodoyo n'kuchitukwana ngati munthu.

Chaka chathachi kunabwera uthenga woti uja wa kunyanja wamwalira, ndipo aikidwa kwawo ku Chiuta. Ndine ndinakawauza. Anapempha madzi, anamuwerengera pemphero la dua mokhulupirika mpaka kumapeto. Kenako nkhope inasintha.

"Ndiye kuti wanditsogolera," anatero. "Afika kaye kwa bambo ako aakulu ndi iyeyo."

Anayang'ana banga la oilo lija pansi, ndipo pang'onopang'ono ndinaona akumwetulira.

"Koma kuchokera ku Chiuta kufika kuno n'kutali, Patuma. Ndipo galimoto tinagulitsa."

Iwo anatisiya m'mawa wina atangomaliza kuswali, pabedi lomwelo. Yusufu akuti kumanda malo oyandikana ndi bambo ake anali atatha, koma anawapezera pamzere wotsatira, poti munthu atayankhula motsitsa mnzake angamve. Sindikudziwa ngati Che Bwanali akukondwa nazo, chifukwa nkhani ya khitchini ija sinathe.

Alendo a sadaka atabalalika ndinalowa ndekha m'galaja. Chitseko chachitsulo chikulirabe potsegula. Bedi tinachotsa, ndiye chipindacho chaonekanso kukula kwake, malo a pikapu imodzi. Banga la oilo lili pomwepo pakati. Chikuku chili pakona, matayala ataphwa, ndipo m'mphepete mwa chitsetso simenti inagumuka pomwe ndodo inkamenya. Pa felemu ya chitseko penti inachoka pamalo amodzi, pomwe dzanja la Che Bwanali linkagwira potuluka ndi polowa. Yusufu akuti mvula ikatha agumula njerwa za kutsogolozo kuti azisungamo galimoto yake, ndipo ine sindinamuletse, nyumba ndi yake.

M'chipindamo munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, chifukwa katani yabuluu ija ikadali pazenera, yotseka. Chiipachikireni tsiku lomwe uja wa kunyanja anakwera kabaza, sanaichotsenso. Yasuluka, yadzaza fumbi. Ndinakweza dzanja kuti ndiichotse ndikachape, koma ndinaisiya pomwepo n'kutseka chitseko. Sabata ino ndi yawo.